Mwana akaikidwa pa okosijeni, musamuchotse timachubu

M'mawodi a ana muli vuto limene anamwino amalidziwa bwino koma kumudzi silikambidwa. Mwana wafika akubanika ndi chibayo, amuika timachubu m'mphuno kuti alandire mpweya wa okosijeni, koma usiku namwino akangopita ku bedi lina, mayi kapena agogo amachotsa timachubuto. Ena amafika pothawa naye mwanayo m'bandakucha. Mukawafunsa, yankho limakhala lomwelo: "Mpweya umenewu umapha. Mwana wa uje anamuika pa makina omwewa ndipo sanadzuke."

Mantha amenewa sindiwapeputsa, chifukwa amene amanena zimenezi anaonadi maliro. Koma taganizani bwino, makolo anzanga: ndi mwana uti amene amaikidwa pa okosijeni? Si wa chimfine wamba ayi. Ndi uja wadwalitsa, amene nthawi zambiri wakhala masiku kunyumba akumwetsedwa panado ndi zitsamba, n'kufika kuchipatala mapapo atatopa kale. Ena mwa ana oterewa amamwalira ngakhale athandizidwe. Chawapha ndi matenda ndi kuchedwa, osati mpweya. Ambiri amene anachira atalandira mpweya womwewo akusewera m'midzi mwathu, kungoti za iwo sitikamba.

Okosijeni si chinthu chachilendo m'thupi. Mumpweya umene tonse tikupumawu, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Mapapo amautenga n'kuupereka m'magazi, magaziwo n'kuufikitsa ku ubongo, kumtima ndi ku impso. Chibayo chikagwira munthu, timatumba ta m'mapapo timadzaza madzi ndi mafinya, ndiye mpweya wolowa m'magazi umachepa. Kuchepa kwa mpweya m'magazi kumachitikanso pa mphumu yaikulu, pa matenda a mtima, pa COVID-19, komanso kwa makanda obadwa masiku asanakwane. Chimene achipatala amachita ndi kuonjezera okosijeni mumpweya umene wodwala akukoka, kuti mbali ya mapapo imene ikugwirabe ntchito ipeze wokwanira. Mpweyawu supha tizilombo. Ntchito imeneyo ndi ya jakisoni ndi mapiritsi, koma mankhwalawo amafuna masiku kuti agwire, ndipo ndi okosijeni amene amamusunga mwana kufikira tsiku limenelo.

Tsono mudziwa bwanji kuti mwana akusowa mpweya? Dikirani akhale phee, osalira, mumuvule malaya, ndipo muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pa foni. Khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, kumeneko ndi kupuma mofulumira, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Koma pali zizindikiro zina zosafuna n'kuwerenga komwe. Yang'anani m'munsi mwa nthiti: pamene mwana akukoka mpweya, m'malo moti chifuwa chitukuke, chimalowa m'kati n'kupanga kadzenje. Mphuno zimatukuka, mutu umagwedera pa kupuma kulikonse, amabuula, amalephera kuyamwa, milomo ndi lilime zimada. Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche, ndipo musadikire bambo abwere kuchokera kudimba. Nyamukani.

Kuchipatala adzamupana kachipangizo kakang'ono pachala kapena kuphazi, kotchedwa pulse oximeter. Sikabaya, sikatulutsa magazi. Kamangoonetsa nambala. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100, ndipo malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi akuti mwana amene watsika pansi pa 90 apatsidwe okosijeni. Ndimalimbikitsa mayi aliyense kupempha namwino kuti amuonetse nambala imeneyi mwana asanaikidwe timachubu, kenako aionenso patapita mphindi zochepa. Mayi amene waona ndi maso ake 82 ikukwera kufika 95, mwana n'kusiya kubuula n'kugona tulo, sachotsanso timachubu usiku.

Mpweyawu umachokera m'masilinda achitsulo kapena m'makina oyendera magetsi otchedwa concentrator, amene amasefa mpweya wa m'chipinda momwemo. Phokoso lake lisakuopseni, ndi mmene amalirira akamagwira ntchito. Makanda ena amaikidwa pa makina othandiza kupuma otchedwa CPAP amene ali ndi botolo la madzi ochita thovu. Mtundu wina wa makinawa, wotchedwa Pumani, unapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza timapapo ta khanda kuti tisamaphwe.

Inu odikirira odwala, pano ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kampira kosinthira mphamvu ya mpweya musakagwire, kaya kutsitsa kaya kukweza. Okosijeni ali ndi mlingo ngati mankhwala ena onse. Khanda limapatsidwa theka la lita mpaka lita imodzi pa mphindi, wokulirapo amapatsidwa wochulukirapo, ndipo wopitirira muyeso angathe kuononga maso a khanda lobadwa masiku asanakwane. Nawonso akuluakulu amene mapapo awo anaonongeka kalekale ndi fodya kapena utsi safuna mpweya wambiri. Choncho kukwezera wodwala wanu chifukwa chomumvera chisoni n'kumulakwira. Ntchito yanu ndi iyi: onani kuti timachubu tili m'mphuno ndithu, sitinapindike ndipo mwana sanatigonere. Mamina akatseka mphuno, itanani namwino adzapukute. Magetsi akazima makina n'kuleka kulira, musangoti akudziwa kale, kauzeni msanga kuti abweretse silinda. Ngati mwana akutha kuyamwa, muyamwitseni timachubu tili pomwepo, tsaya lake lili pa bere, mutu uli m'mwamba pang'ono. Ngati akulephera, musamukakamize phala, angatsamwe. Funsani namwino za kufinya mkaka.

Za moto ndisaiwale. Pamene pali okosijeni wambiri, kamoto kakang'ono kamayaka mwaukali. Pafupi ndi silinda kapena makina pasapezeke fodya, kandulo, machesi kapena koloboyi, ngakhale magetsi atazima. Gwiritsani tochi ya pa foni. Musapake Vaseline kapena mafuta ena m'mphuno mwa wodwala kapena pakamwa pa silinda. Silinda yoimika imangiriridwe kuti isagwe. Amene ali ndi wodwala wolandira mpweya kunyumba, mbaula ikhale kutali, kunja.

Mbaula yomweyi ili ndi nkhani ina m'miyezi yozizira ya June ndi July. Banja likagona ndi makala oyaka m'nyumba yotseka mazenera, mpweya woipa wopanda fungo umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni. Anthu amadzuka ndi mutu waukulu, chizungulire ndi nseru, ena sadzuka n'komwe. Atulutseni panja msanga ndipo muthamangire nawo kuchipatala, chifukwa mankhwala ake ndi okosijeni yemweyu. Mukafika nenani kuti anagona ndi mbaula, popeza pa vuto limeneli kachipangizo ka pachala kaja kangathe kuonetsa nambala yabwino pamene munthu ali pangozi.

Nanga timachubu timachoka liti? Mwana akayamba kupeza bwino, namwino amatsitsa mpweya pang'onopang'ono, n'kumuchotsa kwa kanthawi akuyang'ana nambala ija. Ikatsikanso pansi pa 90 amamubwezera, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti matenda akula, kungoti mapapo sanakonzeke. Ena amatha tsiku limodzi, ena masiku angapo. Ngati apongozi kapena amalume akulimbikira pa foni kuti mwana atuluke, apempheni abwere adzalankhule okha ndi adokotala, adzaonenso nambalayo. Ndipo mukatuluka, malizitsani mankhwala onse amene mwapatsidwa, muonetsenso buku la kusikelo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti aone ngati mwana analandira katemera wa chibayo, amene ana a m'Malawi akhala akulandira kuyambira mu 2011.