Mphindi 10 pa tsiku: mmene mungayambire masewera, gitala ndi zolemba osasiyira panjira

Gitala yanga inakhala pamwamba pa wadiropu pafupifupi chaka chathunthu, fumbi lokhalokha, zingwe mpaka kuchita dzimbiri. Sikuti sindinkaifuna ayi, ndinkaifuna kwambiri, koma ndinali nditadziuza kuti ndiziphunzira ola lathunthu madzulo aliwonse, nde ola lathunthulo silinkapezeka. Ufika kunyumba utatopa, minibasi yachedwa, magetsi azima, ana akufuna uwaonere homuweki, basi ukuti mawa. Kuthamanga kunatha chimodzimodzi, kope lomwe ndinagula loti ndizilembamo nyimbo linathera pa tsamba lachitatu. Zinayamba kuyenda tsiku lomwe ndinasiya kufunafuna ola n'kuvomera mphindi 10, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndimachitira chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri amene zida zathu zili pamwamba pa wadiropu.

Choyamba, chepetsani mpaka zifike poti mukhoza kuchita ngakhale tsiku lomwe zinthu zavuta. Pulani musaipange mukuganizira Loweruka mmawa mutagona bwino, ipangeni mukuganizira Lachitatu usiku mutatopa, m'thumba mulibe kanthu, mutu ukuwawa pang'ono. Ngati tsiku limenelo simungakwanitse, ndiye kuti yakula, ichepetseninso. Komanso nenani chenicheni chomwe muzichita. "Ndizipanga masewera" si pulani imeneyo, ndi chilakolako chabe. "Masikwati (kunjuta n'kudzuka) 10 ndi ma push-up 5" ndiye pulani, chifukwa mukamaliza mumadziwa kuti mwamaliza.

Kenako chinthu chatsopanocho chimangirireni pa china chomwe mumachita kale tsiku lililonse osaganiza. Ine masewera ndinawamangirira pa madzi osamba, ndikateleka pa mbaula ndimayamba masikwati, madzi akamatentha ine ndamaliza. Gitala ndinaimangirira pa mgonero, ndikangosamba m'manja titadya nsima ndimaitenga ndisanagwire foni. Alamu ya pafoni ndinayesa koma siimagwira, imalira uli pa mzere ku banki kapena uli ndi alendo, umangoizimitsa basi. Koma madzi osamba ndi nsima zimabwera tsiku lililonse ndipo zimakupeza uli pamalo omwewo. Ndipo chidacho chikhale poonekera: gitala ituluke m'chikwama ikhale pakona pomwe mumakhala, nsapato zoyendera zikhale pakhomo, kope ndi bolopeni pafupi ndi pilo.

Za thupi sindichulutsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mukagawa ndi mphindi 30 kwa masiku 5. Kumeneko nkomwe mukupita, si poyambira ayi. Yambani ndi kuyenda mwandawala mphindi 10, liwiro loti mutha kulankhula koma kuimba simungathe, mwina potsika minibasi siteji imodzi musanafike kwanu. Jimu siyofunika poyamba. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilo 5, chokwanira kunyamula mukupanga masikwati, ndipo ngati push-up yapansi ikukanika yambirani pakhoma, kenako pa tebulo lolimba, pansi mudzafika. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo nde chitani mmamawa kusanatenthe ndipo imwani madzi, mu Juni ndi Julaye kukazizira kapena chiperoni chikagwa chitirani m'nyumba, kungoti osasiya. Amene muli ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena muli oyembekezera, kafunseni kaye kuchipatala. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira nkwabwinobwino, koma kubaya pa bondo, kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, pamenepo imani. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yolima, kutunga madzi kapena kupalasa kabaza, thupi lanu likugwira kale, mphindi zanu 10 zipite pa kuwongola msana, chiuno ndi mapewa, osati kuwonjezera kutopa.

Tsopano nyimbo, apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene ambiri timadzinamiza. Munthu atha kugwira gitala tsiku lililonse kwa zaka koma osasuntha, chifukwa akaitenga amangoimba nyimbo ziwiri zomwe amazidziwa kale, zimamukomera, nthawi yatha. Kumeneko nkusangalala ndipo nkwabwino, koma si kuphunzira. Kuphunzira kuli pa kamalo kaja kamene mumakodwa nthawi zonse, pamene chala chimachedwa kapena mawu amaphonya, pamene mumafuna kungodumpha mwachangu kuti musamve.

Mphindi zanga 10 ndimazigawa chonchi. Ziwiri zoyamba ndi zochuna, zingwe 6 kuyambira chachikulu chapamwamba ndi E A D G B E, ndipo ma app ochunira aulere alipo omwe ukangodawunilodi safunanso bandulo. Osadumpha kuchuna chonde, gitala yosachuna imaphunzitsa khutu zolakwika. Kenako mphindi 5 pa chinthu chimodzi chovuta, chimodzi chokha. Kwa oyamba kumene nthawi zambiri chimakhala kusintha makodi (kagwiridwe ka zala pa zingwe zolira pamodzi), tinene kuchoka pa G kupita pa C. Ikani taima ya mphindi imodzi, sinthani G, C, G, C, muwerenge kuti mwasintha kangati zingwe zonse zikumveka bwino, lembani nambalayo m'kope. Mawa chimodzimodzi. Nambala ija ikamakwera kuchoka pa 8 kufika pa 15 kenako 30, mtima umalimba chifukwa mukuona ndi maso kuti zikuyenda, pomwe kungomvetsera nokha simungazindikire kusinthako. G ndi C zikakhazikika onjezani D, ndipo ndi makodi atatu amenewa mukhoza kuperekeza nyimbo zambiri zakutchalitchi. Mphindi zitatu zomaliza imbani chomwe mumakonda, mmene mukufunira, kuti muiike pansi gitalayo mtima uli mmalo, mawa mudzaifunenso.

Chinthu chomwe ndinachedwa kumvetsa ndi liwiro. Zala zimaloweza chilichonse chomwe mwazibwerezetsa, chabwino ndi cholakwika chomwe, nde mukaimba mothamanga nkumaphonya kakhumi, mwaphunzitsa zala kuphonya kakhumi. Ikani metronome (kachipangizo kapena app yomwe imagunda mofanana kuti musunge liwiro) pa 60, kumeneko ndi kugunda kamodzi pa sekondi, muimbe kagawo kovutako pang'onopang'ono mpaka kutuluka bwino katatu motsatizana, mukatero kwezani pang'ono, 64, 68, choncho. Zikayamba kusokonekera bwererani mmbuyo, palibe manyazi pamenepo. Poyamba zimatopetsa ndithu, umaona ngati sukuimba nyimbo, koma pakatha masabata awiri kamalo kaja umangodutsa osadziwa kuti wadutsa.

Nsonga za zala zipweteka masabata oyambirira, makamaka pa zingwe zachitsulo, mpaka khungu litalimba. Apa mpamenenso mphindi 10 zimaposa ola la Loweruka: ola limodzi limatupitsa zala nkukupumitsani masiku anayi, pomwe pang'ono tsiku lililonse khungu limalimba osang'ambika. Komanso ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira munthu akagona, choncho masiku 6 a mphindi 10 ndi tulo pakati pake amasiya zambiri kuposa ola limodzi la tsiku limodzi, ngakhale nthawi yake ndi yofanana.

A kwaya, zomwezi zikukukhudzani. Pulakatisi ya kawiri pa sabata siyokwanira ngati pakati pake simutsegula pakamwa. Jambulani pafoni gawo lanu aphunzitsi akamaphunzitsa, kaya ndinu alto kaya tenor, mukafika kunyumba tengani mzere umodzi wokha womwe umakuvutani, muuimbe ndi do re mi kaye mawu enieni asanalowe, mofatsa, osakuwa. A kiyibodi, dzanja lamanja palokha, lamanzere palokha, kuphatikiza pambuyo. Ndipo ngati chida mulibe, mumadalira cha kutchalitchi kapena chobwereka, masiku enawo musakhale chabe: ombani m'manja motsatira metronome, mvetserani nyimbo imodzi mukutsatira bass yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, khutu nalo limafuna pulakatisi yake.

Lamlungu lililonse dzijambuleni mphindi imodzi. Simuyenera kutumizira aliyense. Pakatha mwezi mvetserani yoyamba ija ndi yatsopano motsatizana, tsiku limenelo ndi lomwe linandipangitsa ine kuti ndisasiyenso.

Zolemba, kaya ndi nyimbo, ndakatulo, nkhani kapena kujambula, lamulo langa ndi mizere itatu pa tsiku ndisanagone. Siyenera kukhala yabwino. Nthawi zambiri ndimalemba zomwe ndamva masana, mmene mayi wina amanenerera mtengo wa tomato pamsika, mawu omwe kondakitala anayankha munthu, mwana akufotokoza maloto ake, chifukwa Chichewa chokoma chili mkamwa mwa anthu ndipo ukapanda kuchilemba tsiku lomwelo chimathawa. Kanyimbo kakakubwererani m'mutu muli panjira, ng'ung'udzani mu voice note pompo, musati ndikumbukira, simukumbukira. Chachikulu nchakuti tsiku lolemba si tsiku loweruza. Mukayamba kufufuta mzere woyamba musanalembe wachiwiri simufika patali. Kumapeto kwa mwezi mpamene mumakhala pansi nkuwerenga zonse, mizere pafupifupi 90, yambiri idzakhala wamba koma mupezamo isanu kapena isanu ndi umodzi yomwe ili ndi moyo, imeneyo ndiye mbewu ya nyimbo. Ndipo musathamangire kuika pa Facebook chinthu chisanakhwime, ma like akachepa mtima umagwa pa chinthu chomwe chimangofunika sabata ina imodzi.

Zitatu zonsezi musaziyambe tsiku limodzi. Sankhani chimodzi chomwe mtima ukuchifuna kwambiri, chiyende masabata atatu kapena anayi, kenako onjezani china.

Pezani kalendala yapakhoma muzichonga tsiku lililonse lomwe mwachita. Mwina munamvapo zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21, zimenezo musazidalire. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, yemwe anatuluka mu 2009, anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha osadzikakamiza, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Choncho mukafika mwezi wachiwiri mukuonabe kulemera, palibe chomwe chalakwika ndi inu. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse, ndipo mfundo imeneyi kwa ine ndi yofunika kwambiri chifukwa moyo wathu uli ndi maliro, malungo, odwala oti ukawadikirire kuchipatala, ulendo wa kumudzi wadzidzidzi. Mukaphonya musadzilange ndi kuchita kawiri mawa lake, ingobwererani pa mphindi 10 zomwe zija. Chomwe ndimayesetsa ndi kusaphonya masiku awiri otsatizana, ndipo pa masiku ovuta ndili ndi kamuyezo kakang'ono kwambiri: masikwati 5, kusintha makodi mphindi imodzi, mzere umodzi m'kope. Zimenezo ndimachonga ngati tsiku lathunthu.

Mnzanu mmodzi amathandiza, osati gulu lalikulu la pa WhatsApp lomwe limathera mu ma sticker ndi nkhani zina. Mmodzi yekha, amene naye ali ndi chake chomwe akulimbana nacho, muzingotumizirana mawu amodzi madzulo kuti "ndachita". Tsiku lomwe sanatumize mumufunse mwaulemu kuti zili bwanji, naye adzakufunsani.

Nanga kuwonjezera nthawi? Dikirani mpaka muone kuti kwa masabata awiri mwakhala mukupitirira mphindi 10 nokha osakakamizidwa, pamenepo onjezani 5 zokha. Koma muyezo wochongera pa kalendala usasinthe, ukhalebe 10 yomwe ija, kuti sabata yotanganidwa ikabwera musaone ngati mwalephera. Ine pano gitala imafika mphindi 25 masiku ambiri, kuyenda 30, koma mizere idakali itatu. Ngati yanu yakhalitsa pamwamba pa wadiropu ngati mmene inalili yanga, itsitseni lero muipukute, ndipo zingwe zikakhala zadzimbiri gulani zatsopano musanayambe, zosankha zikakhalapo tengani zopyapyala chifukwa sizipweteka zala kwambiri.