Momwe mungasankhire matayala ogwira msewu bwino ndalama zili zochepa

Galimoto zambiri zimene tikuyendera ku Tete, ku Moatize ndi ku Ulónguè zinabwera kuchokera ku Japan zitayendapo kale, ndipo eni ake ambiri amakumbukira za matayala tsiku limene limodzi laphulika. Tsiku loterolo munthu sasankha, amangotola lomwe lili pafupi. Malangizowa ndi a inu amene mukufuna kugula zinthu zisanafike pamenepo, makamaka eni a Mark X, Altezza, Subaru kapena Runx, amene mumafuna tayala lomamatira pamsewu pokhota ndi poponda mabuleki koma m'thumba simukulola zambiri.

Ndinene maganizo anga poyambirira. Kuno kwathu tayala labwino si lija lopyapyala lokhala pa rimu yaikulu yonyezimira. Ndi limene lingapirire phula la mu Okutobala ndi Novembala, pamene mumzinda wa Tete kutentha kumadutsa madigiri 40, lingaimitse galimoto pamsewu woterera mvula yoyamba itagwa, komanso losatupa likamenya dzenje pamsewu wa N7.

Yambani ndi chitseko cha galimoto yanu

Musanapite kusitolo, tsegulani chitseko cha dalaivala. Pachipilala chake pamakhala kapepala komata kosonyeza saizi ya matayala imene fakitale inaika, ndi mpweya woyenera. Kajambuleni ndi foni. Musadalire zolembedwa pa matayala amene alipo panopa, chifukwa mwini wake wakale mwina anaika zake.

Tiyerekeze kuti palembedwa 195/65 R15 91H. Nambala 195 ndi m'lifupi mwa tayala, mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lotalika magawo 65 pa 100 a m'lifupimo. Nambala 15 ndi kukula kwa rimu, mainchi. Zimene anthu amadumpha ndi ziwiri zomalizazo. 91 ikunena katundu amene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 615. Ikakhala 88 ndi makilogalamu 560, ikakhala 94 ndi 670. Chilembo chikunena liwiro limene tayala linayesedwa: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270.

Lamulo apa ndi limodzi: mutha kukwera pamwamba pa zimene fakitale inalemba, koma osatsika. Amene mumanyamula matumba a mbatatesi kapena nyemba kuchokera ku Angónia ndi ku Tsangano m'buti mwa galimoto yaing'ono, funsani tayala lolembedwa XL, lomwe limasenza zochulukirapo. Koma musawononge ndalama pa W ngati fakitale inalemba H. Liwiro la 270 mukalithamangira kuti pakati pa mathiraki a pa Moatize? H kapena V ndi zokwanira kwa ambiri a ife.

Sankhani khoma lalitali, ngakhale anzanu aseke

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amatayira ndalama. Mark X imayenda ndi 215/60 R16, ndipo zina zimabwera ndi 225/45 R18. Mukawerengera, khoma la tayala loyambalo ndi mamilimita 129, lachiwirilo ndi 101. Kusiyana kwake ndi pafupifupi masentimita 3, ndipo masentimita amenewo ndi amene amaima pakati pa rimu yanu ndi mphepete yakuthwa ya dzenje. Tayala lopyapyala likamenya dzenje mwamphamvu, labala amapanikizika pakati pa rimu ndi phula, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo mawa lake mumapeza chotupa ngati dzira m'mbali mwake. Chotupa chimenecho sichimatika. Tayalalo latha, ngakhale mizere yake ikadali yatsopano. Nthawi zina rimu nayo imapindika kapena kung'aluka.

N'zoona kuti lopyapyala limamvera chiwongolero msanga pokhota. Koma pamsewu wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, kapena wokwera ku Furancungo, phindu limenelo mumalimva mphindi zochepa, pamene maenje muli nawo ulendo wonse. Kuwonjezera apo, matayala a rimu 16 nthawi zambiri ndi otsika mtengo ndiponso osavuta kupeza kuposa a 18.

Ngati galimoto yanu ili kale pa marimu aakulu, kutsika n'kotheka. Altezza imene ili pa 215/45 R17 imayandikana kwambiri ndi 205/55 R16: kutalika kwa gudumu lonse kumasiyana ndi gawo limodzi lokha pa 100, choncho chosonyeza liwiro sichinama kwenikweni. Chofunika n'chakuti makanika ayese kaye rimu yaing'onoyo ngati sikukhudza mabuleki. Marimu akalewo mutha kuwagulitsa, ndalama zake n'kuwonjezera pa matayala.

Chenjerani ndi matayala a kuchisanu

Nkhani iyi ndi imene ogulitsa ambiri satchula. Kumpoto kwa Japan kumagwa chipale chofewa, ndipo eni galimoto amaika matayala apadera a nyengo imeneyo. Galimoto zina zimafika kuno zili nawo, ndipo ena mwa matayala a kaunjika ndi omwewo. Amaoneka okongola, mizere yakuya, ndipo munthu amaona ngati wapeza mwayi.

Labala wake ndi wofewa dala kuti asaume pozizira. Pa phula la ku Tete amasungunuka ngati sopo, galimoto imayandama pokhota, ndipo pa mabuleki imatenga mtunda wautali isanaime. Kuwazindikira n'kosavuta. Yang'anani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati mwake, kapena mawu akuti STUDLESS. Mayina ngati Blizzak, Winter Maxx ndi iceGUARD ndi a mtundu umenewu. Pamwamba pake pamakhala timizere tambirimbiri tokhotakhota tonga tochekedwa ndi lezala. Ku Tsangano kumazizira ndithu mu Juni, koma osati kufika poti n'kufunika zimenezi.

Werengani tsiku limene tayala linapangidwa

M'mbali mwa tayala fufuzani zilembo DOT, n'kutsatira mpaka kumapeto kumene kuli manambala anayi, kawirikawiri m'kabokosi kobulungira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2321, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Nthawi zina manambalawa amalembedwa mbali imodzi yokha, choncho tembenuzani tayalalo.

Labala amakalamba ngakhale asakuyenda, ndipo dzuwa ndi kutentha zimamukalambitsa msanga. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Ine "latsopano" limene lakhala zaka zitatu kapena zinayi padzuwa kunja kwa sitolo sindiligula pa mtengo wa latsopano.

Ndinaphunzira izi mowawa. Chaka china ndinagula matayala awiri a kaunjika pamalo ena ogulitsira m'mbali mwa msewu. Wogulitsa anali wokoma pakamwa: "Achimwene, awa ndi a ku Japan enieni, onani mizere, simudzabweranso chaka chino." Sindinabwerere kwa iye ndithu, chifukwa limodzi linasenda chikopa chonse chapamwamba ndikutsika kuchokera ku Zóbuè masana dzuwa lili pamutu. Nditawerenga manambala aja pambuyo pake, tayalalo linali ndi zaka 11.

Latsopano lotchipa kapena lakaunjika la dzina lotchuka?

Chitani masamu awa musanakopeke ndi mtengo. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yakuya mamilimita 7 kapena 8. M'kati mwa ngalande zake muli timizati ting'onoting'ono totalika mamilimita 1.6, pamwamba pa tayala pakafanana ndi timizatito, latha. Ndiye kuti chimene mukugula kwenikweni ndi mamilimita pafupifupi 6. Lakaunjika lokhala ndi mamilimita 4 latsala ndi 2.4 okha, osafika ndi theka lomwe. Wogulitsa akakuuzani theka la mtengo wa latsopano, mwagula modula, ndipo mbiri yake simukuidziwa.

Ngati zavutadi ndipo lakaunjika silingapeweke, liunikeni lisanalowe pa rimu. Yang'anani m'kati: chigamba chimodzi pakati penipeni n'chovomerezeka, koma chigamba cha m'mbali ayi. Ufa wakuda m'kati kapena makwinya ozungulira khoma ndi umboni woti linayenda lopanda mpweya. Pindani khomalo ndi manja muone ngati likuonetsa ming'alu. Chenjeraninso ndi mizere yosemedwa ndi mpeni wamoto kuti tayala ladazi lioneke lamoyo: timizati tija sitioneka, ndipo pansi pa ngalande pamakhala pokhakhala.

Pa atsopano, mayina apamwamba ngati Michelin Pilot Sport, Bridgestone Potenza ndi Continental ndi abwino, koma mtengo wake umaluma. Pakatikati pali Hankook Ventus ndi Kumho Ecsta a ku South Korea, Falken ndi Toyo a ku Japan, Maxxis ndi Nankang a ku Taiwan, komanso Dunlop, amene ena mwa matayala ake amapangidwa ku Ladysmith ku South Africa. Kwa ine apa ndi pamene pali ndalama yogwira ntchito. Pansi pake pali a ku China ngati Sailun, Triangle ndi Linglong. Awa musawanyoze onse pamodzi, komanso musawakhulupirire onse pamodzi. Werengani khoma lake.

Matayala ambiri amalembedwa mawu atatu tating'ono. TEMPERATURE imakhala A, B kapena C, ndipo kuno fufuzani A, chifukwa ikunena za kupirira kutentha. TRACTION imakhala AA, A, B kapena C, ndipo ikunena za kuima pamsewu wonyowa. Musatsike pansi pa A. TREADWEAR ndi nambala yosonyeza kuchedwa kutha. Matayala omamatira kwambiri amakhala ndi nambala yotsika, chifukwa labala wofewa amagwira bwino koma amadyeka msanga. Amene akusunga ndalama asankhe la 300 kupita m'mwamba. Dziwani kuti nambalayi imathandiza kwambiri poyerekeza matayala a kampani imodzi, chifukwa kampani iliyonse imayesa yokha.

Funsani mitengo m'masitolo atatu, ndipo mtengowo ukhale wa zonse: kumanga, valavu yatsopano ndi kubalansa. Amene mukuganiza zokagula ku Blantyre kudzera pa Zóbuè, kapena ku Lilongwe kudzera pa Calómuè, werengerani mafuta, msonkho wa pachipata ndi kusintha metical kukhala kwacha. Komanso tayala likadzakhala ndi vuto, mudzabwezera ndani?

Ndalama zikakwana awiri okha

Gulani awiri ofanana, dzina limodzi ndi saizi imodzi, ndipo muwaike kumbuyo. Ndikudziwa kuti ambiri atsutsa, chifukwa tinazolowera kuika atsopano kutsogolo kumene kuli chiwongolero. Koma pamsewu wonyowa, kutsogolo kukaterera dalaivala amamva n'kuchepetsa liwiro. Kumbuyo kukaterera galimoto imazungulira yonse asanadziwe chachitika. Abwino mwa akalewo apite kutsogolo mpaka mutapeza ndalama ina.

Eni Subaru ndi galimoto zina zokoka ndi magudumu onse anayi nthawi zonse, inu ndiye mulibe mwayi umenewu. Matayala anayi onse ayenera kufanana saizi ndi kadyekedwe, apo ayi zida zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo zimavutika, ndipo kukonza zimenezo n'kodula kuposa matayala.

Pomanga, imani pomwepo muziona. Tayala lokhala ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION liyenera kuzungulira kumene muviwo ukuloza. Lolembedwa OUTSIDE, mbali imeneyo iyang'ane kunja. Ngati akale anadyeka mbali imodzi, pitani kumene alemba alinhamento akawongole miyendo tsiku lomwelo, ndipo makanika aone mashoko ndi mabushi. Mukapanda kutero atsopanowa adyekanso chimodzimodzi.

Chotsala ndi mpweya. Kapepala ka pachitseko ka galimoto za ku Japan kamalemba kPa: 230 kPa ndi 2.3 bar, kapena pafupifupi 33 psi. Yezani m'mawa galimoto isanayende, kamodzi pa masabata awiri, osaiwala sipeya. Mukanyamuka ku Ulónguè kukuzizira n'kufika pa mlatho wa Samora Machel masana, geji idzaonetsa mpweya wokwera, ndipo wopopa wina adzafuna kuuphwetsa. Mukanizeni. Kukwera kumeneko n'kwachibadwa tayala likatentha. Mukauchotsa, mawa m'mawa lidzakhala lofooka, khoma lake lizipindika kwambiri poyenda, ndipo kupindikako ndi kumene kumalitenthetsa mpaka kuphulika.