Mmene Mungathandizire Mtengo wa Mango Kuchita Maluwa

Musanayambe kuchita chilichonse pa mtengo wa mango umene ukuchedwa kubala, dziwani kuti lamulo lochita maluwa limachokera m'masamba. Tsamba lokhwima lili ndi jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa a chomera) yotchedwa FT, imene imapanga puloteni yoyenda m'mitsempha ya mtengo mpaka kunsonga ya nthambi, ndipo ikafika kumeneko nsongayo imatulutsa maluwa m'malo mwa masamba. Katswiri wa zomera Mikhail Chailakhyan anaganizira za uthenga umenewu mu 1936, koma umboni woti ndi puloteni ya FT unapezeka mu 2007, pa mitundu ina ya zomera zazing'ono.

Choyamba, bzalani mtengo womezanitsa. Mtengo womera kuchokera ku njere umatha zaka zisanu kapena kuposerapo usanabale, pamene kanthambi kotengedwa pa mtengo wobala kale kamakhala katadutsa ubwana umenewo.

Chofunika kwambiri, m'kuona kwanga, ndicho kulola masamba kukhwima. Yang'anitsitsani nsonga za nthambi: masamba ofiira, ofewa ndi olendewera ndi anthete, ndipo nthambi yotero siinakonzeke. Kumadera otentha chaka chonse, nthambi imafunika kupuma miyezi inayi kapena isanu, masamba ake atabiriwira ndi kulimba. Choncho dulirani mtengo mukangokolola, osati nyengo ya maluwa itayandikira, chifukwa mukachotsa masamba okhwima mwachotsanso gwero la uthengawo. Pa miyezi yopumayi chepetsani madzi ndiponso feteleza wa nayitrojeni, popeza zonsezi zimadzutsa mphukira zatsopano nthawi isanakwane.

Kuzizira kwa usiku nakonso kumalimbikitsa jini ya FT, ngakhale kuti izi mlimi sangazilamulire. Kumene kulibe chisanu, alimi amapopera mankhwala otchedwa potassium nitrate pa masamba okhwima kuti mtengo uchite maluwa, njira imene katswiri wa zomera Ramon Barba anatulukira ku Philippines.