Momwe ndinaimikira bandsaw yanga kuti izidula choimirira

Ndimawotcherera zitsulo ku Ngabu, ndipo ntchito yanga yambiri ndi yokonza ngolo za ng'ombe. Bandsaw yanga yaing'ono, makina odulira zitsulo omwe mpeni wake umazungulira ngati lamba, imadula mapaipi bwino ikagona, koma tizitsulo tokhota togwirira ekiselo tinkandivuta. Ndikaidzutsa, mutu wake unkagwedera ndipo mpeni unkasochera pamzere.

Ndinayamba ndamanga mutuwo ndi waya, osathandiza. Kathebulo kopyapyala komwe kanabwera ndi makinawo kankapindika ndikangotsamira.

Ndinazimitsa magetsi, kenako ndinalimbitsa mutuwo ndi angle iron (chitsulo chooneka ngati L) yomangidwa ndi mabawuti awiri, kuti ndizitha kuichotsa. Thebulo ndinapanga la puleti ya mamilimita 6 yomwe ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Nchalo, n'kucheka mpata wolowetsera mpeni ndi gilayinda. Ndinalimangirira pamabowo omwe ali pa chogwirira mpeni cham'munsi, mitu ya masikuluwu nditaimiza m'puletimo kuti chitsulo chisamakodwe.

Pomwe panagona nkhani ndi apa. Nditaika sikweya (chida choyezera ngodya) pathebulo n'kuigunditsa kumpeni, kuwala kunkaonekera cham'mwamba: thebulo linali lopendekeka pang'ono chabe. Ndinadula tizidutswa ta chitini cha mafuta, n'kumalowetsa pansi kamodzikamodzi, ndikumanga ndi kuyezanso. Panatha ola lathunthu, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwathu kuno, mpaka kuwala kuja kunatsekeka.

Pa puleti yopyapyala ikani mpeni wa mano ang'onoang'ono, kuti mano osachepera atatu azikhudza chitsulo nthawi imodzi, apo ayi amathothoka. Ndipo chonde kankhirani ndi kathabwa, zala zikhale kutali.