Mmene mungayesere nokha nkhani za "dziko latsopano ngati lathu"

Pakapita miyezi ingapo pamabwera ka meseji pa WhatsApp koti asayansi apeza dziko lina ngati lathuli, ndiye wina amathiramo mchere wake kuti kuli mitsinje, kuli mitengo, olemera ayamba kale kulongedza. Mwana wa achemwali anga ku Mufakose anandifunsa kuti amalume, nzoona zimenezi? Ndinamuuza kuti mapulanetiwo alipodi, koma kukula ngati dziko lathu ndi nkhani ina, kukhalika ndi nkhani inanso. Nde apa ndalemba mmene ine ndimachitira ndikamva nkhani ngati imeneyi.

Musanayambe ndi foni, tulukani kaye panja. Miyezi ya June ndi July kuno ku Harare kumwamba kumakhala koyera, kulibe mitambo, ndipo magetsi akathima mu lokeshoni ndiye nthawi yabwino yake imeneyo. Valani juzi, cha m'ma 8 koloko usiku yang'anani kummwera. Muona nyenyezi zinayi zopanga ngati mtanda, Southern Cross, ndipo chakumanzere kwake kuli zina ziwiri zowala kwambiri zokhala ngati zikuloza mtandawo. Ya kutali ndi mtanda, yowala kuposa inzake, ndi Alpha Centauri. Mukasokonezeka ikani pa foni ka pulogalamu koonetsa nyenyezi kotchedwa Stellarium kakulozerani, ndipo amene ali ndi galimoto akafike ku Domboshava komwe kuli mdima weniweni, mlalang'amba umaoneka ngati wina wamwaza ufa.

Pafupi ndi nyenyezi imeneyo, mpata wokwana ngati mutandandalika mwezi wathunthu wa kumwambawu kanayi, pali kanyenyezi kofiira kotchedwa Proxima Centauri. Ndi maso simukaona ayi, nkofooka kwambiri, koma ndi kamene kali pafupi ndi dzuwa lathu kuposa nyenyezi ina iliyonse. Anakatulukira Robert Innes mu 1915 ali ku Johannesburg komwe kuja abale athu amapita pa basi. Mu August 2016 gulu la Guillem Anglada-Escudé linalengeza kuti kanyenyezi kameneka kali ndi pulaneti, Proxima b, yolemerako pang'ono chabe kuposa dziko lathu, ndipo imazungulira m'masiku 11 basi. Ine ndimakonda kuti mwana ayambe waloza chala pamalopo, chifukwa nkhani imasiya kukhala ya pa foni.

Kenako mvetsani mmene amazipezera, apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Zithunzi zokongola za nyanja ndi mapiri zimene zimabwera ndi nkhanizi ndi zojambula za akatswiri a kompyuta, palibe amene anajambula pulaneti yaing'ono chonchi nkuona nthaka yake. Njira yaikulu ndi iyi: yatsani tochi mu mdima, wina adutsitse kanjere ka nyemba patsogolo pake, kuwala kutsika pang'ono kenako nkubwerera. Telesikopu ya Kepler imene NASA inatumiza mu 2009 inkachita zomwezo, kuyang'ana nyenyezi zoposa 100,000 nkumadikira kuti ina iphethire. Kuphethirako kukamabwera mobwerezabwereza pa nthawi yofanana ndiye kuti pali chinthu chikuzungulira, ndipo kuchuluka kwa kuwala kotsikako kumanena kukula kwake. Njira ina ndi yoona nyenyezi ikugwedezeka chifukwa pulaneti ikuikoka, ngati mayi akuzungulitsa mwana atagwirana manja nayenso amatengeka pang'ono. Ndi mmene Michel Mayor ndi Didier Queloz anapezera 51 Pegasi b mu 1995, ndi mmenenso anapezera Proxima b. Njira yoyamba imapereka kukula, yachiwiri kulemera, nde mukamawerenga funsani kuti adziwa chiti. Zikadziwika zonse ziwiri mpamene anganene kuti ndi ya miyala kapena ndi mpweya okhaokha.

Funso lotsatira ndi loti ili patali bwanji ndi nyenyezi yake. Ganizani kuotha moto pa maliro usiku wa June, amene wayandikira kwambiri miyendo ikupsa, amene ali kumbuyo akunjenjemera, pakatipo ndi pabwino. Pakati pamenepo ndi pamene madzi angakhale madzi osauma osawira, ndipo nkhani zikamati pulaneti ili malo okhalika zimangotanthauza zimenezi basi, osati kuti madziwo awaona. Kepler-186f ya mu April 2014 inali yoyamba yokula ngati dziko lathu kupezeka pamalo oterewa. Mu February 2017 gulu la Michaël Gillon wa ku Liège ku Belgium linalengeza TRAPPIST-1, nyenyezi imodzi yokhala ndi mapulaneti 7, onse kukula kwake kosatalikirana ndi dziko lathu, ndipo atatu, e, f ndi g, ali pamalo abwinowo.

Koma musaime pamenepo, apa mpamene ine ndimalimbikira kwambiri. Funsani za mpweya. Nthanda ija timaiona mbandakucha, Venus, kukula kwake ndi pafupifupi dziko lathu ndendende, munthu wa kutali akanati wapeza mapasa. Koma yakutidwa ndi mpweya wochindikala wa carbon dioxide umene umatsekera kutentha, pansi pake ndi madigiri oposa 450, mtovu umasungunuka. Mars nayo mpweya wake ndi wopyapyala, kuzizira kwake kosaneneka. Ndiye onani, oyandikana nafe awiri omwewa akukanika, nanga tithamangire bwanji kunena za pulaneti imene tangoona mthunzi wake? Telesikopu ya James Webb imene inanyamuka pa 25 December 2021 ndi imene ikufufuza mpweyawu, ndipo mu 2023 itayeza TRAPPIST-1 b, ya mkati kwambiri, zinaonetsa kuti mwina ilibe mpweya wochindikala nkomwe.

Funsaninso kuti nyenyeziyo ndi ya mtundu wanji. Proxima ndi TRAPPIST-1 zonse ndi tinyenyezi tofiira, tozizirirapo kuposa dzuwa, moto wake ndi wa mbaula osati wa chikuni, nde pulaneti kuti ifunde iyenera kukhala pafupi zedi. Mapulaneti 7 onse aja ali pafupi ndi nyenyezi yawo kuposa mmene Mercury, pulaneti yoyandikira kwambiri dzuwa lathu, ilili ndi dzuwa, ya mkatiyo chaka chake ndi tsiku limodzi ndi theka. Kuyandikira chonchi kuli ndi mavuto ake, asayansi amaganiza kuti pulaneti imayang'anitsa mbali imodzi yokha ku nyenyezi monga mwezi umachitira ndi ife, uku masana osatha uko usiku osatha. Komanso tinyenyezi timeneti timapsa mtima, Proxima imalavula malawi amphamvu amene angakokolole mpweya wa pulaneti pang'onopang'ono.

Za kusamuka ndiye muwauze ana mosabisa. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kuchoka ku dzuwa kufika kuno ndi mphindi 8, koma kuchoka ku Proxima ndi zaka 4 ndi miyezi pafupifupi itatu. TRAPPIST-1 ndi zaka pafupifupi 40. Chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1 chimene chinanyamuka mu 1977 chikuyenda makilomita 17 pa sekondi, pa liwiro limeneli mtunda wa Proxima ungadye zaka zoposa 70,000.

Amene mtima wakoka, pali ntchito yoti mugwire nawo muli pompano. Telesikopu ya TESS inanyamuka mu April 2018, nayo imasaka nyenyezi zophethira ngati Kepler, ndipo pa webusaiti ya Zooniverse pali tsamba la Planet Hunters TESS pamene munthu wamba amaonetsedwa mzere wa kuwala kwa nyenyezi nkumaika chizindikiro pomwe watsika. Sizifuna digiri, zimafuna maso ndi kudekha, ndi ka bandulo ka data kapena Wi-Fi ya kuntchito pa lanchi. Mapulaneti otsimikizika ozungulira nyenyezi zina anadutsa 5,000 mu March 2022 ndipo akuonjezekabe. Mwana wa achemwali uja ndinamuonetsa Loweruka lina, poyamba ankaika chizindikiro paliponse pomwe mzere wagwedera, ndinamuuza kuti adikire kutsika kooneka ngati kadzenje kokhala ndi m'mbali mowongoka. Pano amanditumizira masikirinishoti usiku kufunsa kuti amalume, aka nkadzenje kapena ndi phokoso chabe?