Malangizo Osankhila Sipuloketi Yakutsogolo ya Njinga Yamoto Yakale

Ŵelengani malangizo awa musanagule sipuloketi yakutsogolo (kawilo ka mano ka pa injini kamene kamakoka cheni), ndipo imene mwacotsa pa njinga musaitaye kufikila yatsopano italoŵa bwino. Njinga yamoto imene yayenda zaka zambili kaŵilikaŵili imakhala itadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo ena a iwo angakhale atasintha injini, cheni kapena ciŵelengelo ca mano popanda kulemba paliponse. Pa cifukwa cimeneci, dzina la njinga ndi caka cimene inapangidwa sizokwanila. Zimene mwapeza m'katalogi muziyelekeze ndi citsulo cimene cili pa njinga yanu, ndipo ziŵilizi zikasiyana, tsatilani citsuloco.

Yambani mwa kulemba nambala ya fulemu ndi nambala ya injini. Ya fulemu nthawi zambili imadindidwa pakhosi pa njinga, m'munsi mwa mahandulo, ndipo ya injini ili pa thupi la injiniyo. Njinga zambili zopangidwa kuyambila mu 1981 zili ndi nambala ya fulemu ya zilembo ndi manambala 17, pamene zakale kuposa pamenepo zili ndi yaifupi. Sipuloketi yakutsogolo imakhala pa shafti yocokela mu giyabokosi, conco ngati injini inasinthidwapo, nambala ya injini ndiyo idzakutsogolelani.

Kenako dziŵani saizi ya cheni. Pukutani timapuleti ta m'mbali mwake ndi kansalu konyowa ndi palafini, ndipo mudzaona manambala atatu, monga 420, 428, 520, 525 kapena 530. Nambala yoyamba imachula mtunda wa pakati pa mapini aŵili oyandikana: 4 ndi mamilimita 12.7, 5 ndi mamilimita 15.875, ndipo 6 ndi mamilimita 19.05. Manambala aŵili otsala amasonyeza kukula kwa mpata wa mkati mmene dzino limaloŵa. Cheni ya 520 ndi ya 530 zili ndi mtunda wofanana pakati pa mapini, koma mpata wa 520 ndi mamilimita 6.35 pamene wa 530 ndi pafupifupi 9.5. Sipuloketi ya 530 singaloŵe mu cheni ya 520, koma ya 520 imaloŵa mu cheni ya 530, ndipo apa ndi pamene ambili amanyengeka, cifukwa njinga imayenda ndithu, koma cheni imakhala ikusunthila uku ndi uku mpaka kudya mano m'mbali. Njinga zazing'ono monga Honda CG125 zimaseŵenzetsa 428. Zina zazikulu za m'ma 1970, monga Kawasaki Z1, zinacoka ku fakitale ndi cheni ya 630, imene eni ake ambili anaisintha kukhala 530, motelo pa njinga zotele muyenela kuŵelenga cheni imene ilipo lelo.

Mbali yofunika kuidekhela kwambili ndi boo la pakati. M'kati mwa booli muli timano timene timaloŵelana ndi mizela ya pa shafti, ndipo mphamvu yonse ya injini imadzela pamenepo. Ŵelengani timanoto mutaika cizindikilo ca choko pa koyamba kuti musabweleze. Ndiyeno tengani veniya (cipangizo copimila kukula kwa zitsulo) ndi kupima m'mimba mwa boo kaŵili: kucokela pansonga ya kadzino kufika pansonga ya koyang'anana nako, ndiponso kucokela pansi pa mpata kufika pansi pa mpata woyang'anana nawo. Masipuloketi aŵili angakhale ndi timano tofanana ciŵelengelo koma n'kusiyana ndi milimita imodzi, ndipo diso silingaone kusiyana kumeneko. Popeza sipuloketi yakale ingakhale itadyeka m'kati, pimaninso shafti yeniyeniyo. Yatsopano iyenela kuloŵa ndi dzanja, mothina pang'ono. Musaimenye ndi nyundo, ndipo musavomeleze imene ikugwedela. Mukaona fumbi lofiila la dzimbili pa mizela ya shafti, kapena nsonga za mizelayo zitapendekela mbali imodzi, dziŵani kuti sipuloketi inali kugwedela kwa nthawi yaitali. Zimenezi musazipeputse, pakuti kusintha shafti imeneyi kumafuna kutsegula injini pakati, ndipo ya njinga imene inaleka kupangidwa ndi yovuta kuipeza.

Onaninso mmene sipuloketi imamangidwila. Zina zimagwilidwa ndi nati imodzi yaikulu ndi washa yopinda, zina ndi kapuleti ka mabauti aŵili, ndipo zina ndi kaling'i kotsekela koloŵa mumzela wa pa shafti. Pa ya kapuleti, pimani mtunda wa pakati pa maboo aŵili a mabauti. Pambuyo pake gonekani yakale ndi yatsopano pa tebulo losalala, kuti muone ngati kucindikala kwake n'kofanana ndiponso ngati mano ali pa msinkhu umodzi. Masipuloketi ambili ali ndi phewa lotukuka mbali imodzi, limene limaika mano pamzela umodzi ndi sipuloketi yakumbuyo. Musanacotse yakale, ijambuleni ndi foni kuti mukumbukile kumene phewalo linayang'ana, cifukwa mukaitembenuza, cheni idzayenda mopendekeka ndipo ingakhule thupi la injini. Ngati yakale inali ndi labala m'mbali koma yatsopano ilibe, musade nkhawa: nchito ya labalayo ndi kucepetsa phokoso.

Ciŵelengelo ca mano akunja cimadindidwa pa sipuloketi, ndipo m'makatalogi a kampani yopanga masipuloketi ya JT Sprockets cimalembedwa kumapeto kwa nambala imene imayamba ndi zilembo JTF. Timalangiza kuti mubwelele ku ciŵelengelo cimene cili m'buku la njinga. Dzino limodzi kutsogolo limasintha zambili: njinga ya mano 15 kutsogolo ndi 45 kumbuyo ikapatsidwa ya mano 14, imakoka mwamphamvu ponyamuka ndi pokwela citunda, koma injini imazungulila kwambili ndi pafupifupi 7 peresenti pa liŵilo limodzimodzi, zimene zikufanana ndi kuonjezela mano atatu kumbuyo. Sipuloketi yaing'ono imapindanso cheni kwambili ndi kuithetsa msanga, pamene yaikulu ingakhudze civindikilo kapena thupi la injini.

Sipuloketi yatsopano musaiike pa cheni yotha. Kokani cheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yakumbuyo. Ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekela, kapena ngati mano asongoka ndi kupindika ngati mbedza, sinthani cheni ndi masipuloketi onse aŵili nthawi imodzi.

Pomanga, zimitsani injini ndi kucotsa kiyi. Masulani nati yaikulu cheni ikali pamalo pake, giya ili pa nyutulo ndipo munthu wina ataponda buleki yakumbuyo, kuti mphamvu ya sipanala isapite ku magiya. Sipuloketi ikacoka, yang'anani silo (labala yotsekeleza oilo) imene ili kumbuyo kwake, ndipo ngati ikudontha oilo isintheni pomwepo. Pakani gilisi pang'ono pa mizela ya shafti, ikani washa yopinda yatsopano, mangani nati ndi sipanala yopima mphamvu molingana ndi buku la njinga yanu, ndipo pindilani washayo pa nati. Mukamaliza kukonza kulendewela kwa cheni, zungulutsani wilo yakumbuyo ndi dzanja, injini ili cizimile ndipo zala zili kutali ndi mano, muone ngati cheni ikuloŵa pakati pa mano popanda kukhula mbali iliyonse. Bwezelani civindikilo musanalize injini.