Mmene mungathandizire mwana kuti manja onse awiri azigwira ntchito limodzi

Mwana akangobadwa timanja timakhala tofumbata, mukamuika chala amachigwira zolimba koma sikuti wachita kufuna ayi, thupi limangopanga lokha. Zenizeni zimayamba chapa miyezi 3 pomwe manja aja amakumana pachifuwa nkumagwirana, kenako ulendo wa kukamwa. Musamuchotse dzanjalo, ingoonetsetsani kuti ndi loyera. Dzanja lamanja limalamulidwa ndi mbali yakumanzere ya ubongo, lamanzere ndi yakumanja, nde manja akamakumana pakati mbali ziwirizi zimakhala zikuphunzira kumvana.

Choyamba muzimutsitsako kumsana. Kubereka nkwabwino ndithu, mwana amamva kutentha kwa mayi ake ndipo ntchito zimayenda, koma muchitenje muja dzanja lina limakhala uku lina uko, sakuwaona nkomwe. Yalani mphasa kapena chitenje, mugonekeni chagada, muonetseni chinthu pakatikati pa chifuwa osati kumbali, kuti manja onse anyamuke. Pena mugonekeni chafufumimba ali maso inu muli pompo, olo mphindi zochepa, mapewa alimbe. Tulo tokha azigona chagada.

Akafika miyezi 6 kapena 7 mupatseni supuni yapulasitiki kapena chivindikiro chachikulu chotsuka bwino, nkungomusiya. Muona akuchiyang'anitsitsa, dzanja linalo likubwera pang'onopang'ono, lagwira, loyamba lija likukanika kusiya, mpaka tsiku lina lingosiya basi chinthu chasamuka dzanja. Apa musamuthandize msanga chonde, kulimbana kumeneko nde kuphunzirako. Muzisinthasintha mbali yomupatsira, komanso mupatseni zinthu zoti dzanja limodzi silingakwanitse ngati mpira kapena kapu yaikulu.

Chapa miyezi 9 mupatseni makapu awiri aziwombanitsa, phokoso lake mungolipirira. Muziimba naye mukuwomba m'manja, ayamba kutsanzira.

Akamayandikira chaka manja amagawana ntchito, lina kugwira mbale lina kutolamo. Ikani zidutswa za nthochi kapena mbatata yophika yofewa m'kambale, mbaleyo agwire yekha. Mtedza, ndalama zachitsulo, mabatani ndi mikanda zikhale kutali, zimatsamwitsa.

Ana amasiyana, ndipo wobadwa masiku asanakwane muziwerengera kuyambira tsiku lomwe amayenera kubadwa. Koma chimodzi ichi musachitenge mopepuka. Mwana wosakwana chaka akamagwiritsa dzanja limodzi lokhalokha linalo lili chifumbatire kapena lolobodoka, musafulumire kunena kuti ndi wamanzere ngati amalume ake, dzanja lokonda limadziwika bwino mwana atakulako, nthawi zambiri kuyambira zaka 2. Pena kugwiritsa dzanja limodzi msanga chonchi kumakhala chizindikiro cha vuto la mu ubongo monga cerebral palsy, lomwe limalepheretsa ziwalo kuyenda bwino. Mukapita ku sikelo auzeni a zaumoyo zomwe mukuona, ngati muli ndi foni jambulani kavidiyo kunyumba akusewera mukawaonetse, ndipo pemphani akutumizeni kwa a fiziyo, omwe amathandiza kulimbitsa ziwalo, mwana akadali wamng'ono.